Doko la Nkhata Bay si Nsanje wachiwiri

Nkhani yomanganso doko la Nkhata Bay ikangotchulidwa mu Lilongwe muno, sipapita nthawi wina asanatchule Nsanje. Akatero onse amagwedeza mitu, nkhani n'kuthera pomwepo. Zimatero m'maofesi a ku Capital Hill, zimateronso pa makonde a ku Area 10 ndi Area 43 kumene anthu odziwa za chuma amacheza madzulo. Ofuna dokolo nawo sakuthandiza. Pakamwa pawo pamangotuluka za alendo okaona malo, mahotela ndi malo odyera a m'mphepete mwa madzi, osatchulako mayi wa pa chilumba cha Chizumulu wosenza thumba la ufa. Ine ndikuti doko limeneli limangidwe, ndipo limangidwe msanga, koma pa zifukwa zomwe mbali ziwirizi zikuzilambalala.

Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Chombo chonyamula feteleza chomwe chinkayembekezeka pa mwambowo chinagwidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique, omwe ankati sanavomereze zoti zombo ziziyenda mu Zambezi kafukufuku asanachitike. Chilakwireni apo, dokolo silinagwirepo ntchito yomwe linamangidwira. Tinamanga pa njira yodutsa m'dziko la eni, eniakewo asanalole, tilibe sitima, tilibe okwera. Amene akufanizira Nkhata Bay ndi Nsanje atiuze chimodzi mwa zitatuzi chomwe chikusowa pa Nkhata Bay.

Sitima ilipo. Ilala inapangidwa ku Glasgow mu 1949, inabwera m'zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Ulendo wake wa sabata ndi sabata umachokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba, ndipo pa Nkhata Bay ndi pomwe imanyamulira anthu ndi katundu wa kuzilumba. Okwera alipo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 m'boma la Likoma, pa zilumba ziwiri zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, za nthaka yamiyala yosabereka chimanga chokwanira. Ufa, shuga, simenti, malata, mankhwala, mabuku a sukulu, zonsezi zimaoloka nyanja. Wodwala amene achipatala cha St Peter's pa Likoma amutumiza ku Mzuzu, ngati alibe ndalama ya ndege, njira yake ndi yomweyi. Ku Ruarwe kulibe msewu wa galimoto, ndipo wa ku Usisya mvula ikagwa umavuta. Kwa anthu amenewa doko ndilo depoti yawo, monga momwe ya ku Old Town ilili kwa ife.

Jeti yakale ya pa Nkhata Bay itawonongeka, anthu anayamba kukwera ndi kutsika Ilala podzera m'maboti ang'onoang'ono, monga zimakhalira m'malo ambiri momwe sitimayi imaima. Munthu amene sanakwerepo sitima mwa njira imeneyi sangamvetse msanga. Sitima imaima patali ndi gombe, nthawi zina usiku. Boti limadzaza anthu, matumba ndi njinga, ndipo likafika pambali pa sitima aliyense amakwera makwerero uku mafunde akukweza ndi kutsitsa botilo. Mwana amapatsiridwa m'manja mwa munthu wosamudziwa. Gogo amakokedwa mikono. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, ngozi imakhala pafupi kwambiri.

Apa ndi pomwe pagona chifukwa changa chachikulu, chomwe sindikuchimva m'mikangano ya mu likulu muno. Doko labwino ndi malo owerengera anthu ndi kuyezera katundu. Pamakhala chipata chimodzi, tikiti imodzi kwa munthu mmodzi, sikelo, ndi munthu wa mphamvu zonena kuti basi, sitima yadzaza. Pamene anthu akukwerera m'maboti ochokera mbali zonse, palibe angadziwe chiwerengero chenicheni cha omwe ali m'sitima. Mu 2018 sitima ya MV Nyerere inagubuduzika pa nyanja ya Victoria ku Tanzania itanyamula anthu ochuluka kuposa muyezo wake, ndipo anthu oposa 200 anafa. Nafenso nyanja yathu tikuidziwa: pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira pa mphepo yamkuntho kufupi ndi Chitimba, n'kutenga miyoyo 145. Kodi tidikire maliro a mtundu umenewu kuti jeti ilowe mu bajeti?

Boma lamanga doko latsopano pa Likoma m'zaka zaposachedwapa, ndipo linachita bwino. Koma ulendo wa pamadzi uli ndi pokwerera ndi potsikira. Kukonza Likoma n'kusiya Nkhata Bay kuli ngati kugulira mwana nsapato ya phazi limodzi.

Tsopano za kunja kwa dziko. Kutsidya kwa Nkhata Bay kuli Mbamba Bay wa ku Tanzania. Mu 2004 Malawi, Tanzania, Mozambique ndi Zambia anasainirana mgwirizano wa njira ya Mtwara, ndipo kulumikiza madoko awiriwa ndi sitima kunali mbali ya malingalirowo. Anzathu sanagone. Anaika phula pa msewu wochokera ku doko la Mtwara kudzera ku Tunduru, Songea ndi Mbinga mpaka ku Mbamba Bay, anapanga sitima zatsopano monga MV Mbeya II, ndipo anayamba kumanga doko lalikulu pa Mbamba Bay pomwepo. Ife tinakonza msewu wa Mzuzu mpaka Nkhata Bay, koma tinaimira pa gombe.

Anthu a mu Lilongwe amaiwala kuti nyanja inawadyetsapo. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za Beira ndi Nacala, dziko lino linatsegula njira ya kumpoto: katundu kuchokera ku Dar es Salaam, kudzera ku Mbeya mpaka ku Chilumba, kenako pa nyanja mpaka ku Chipoka, kumene doko limakumana ndi njanji yopita ku Salima ndi Kanengo. Sitima ya Ufulu inali yonyamula mafuta, ya Katundu yonyamula makontena. Nkhondo itatha mu 1992 tinabwerera ku mathiraki, madoko n'kuyamba kuchita dzimbiri. Sindikunena kuti jeti ya pa Nkhata Bay idzathetsa mizere ya mafuta yomwe yatisautsa mu City Centre zaka zapitazi. Ndikunena kuti dziko lopanda gombe la nyanja yamchere siliyenera kukana khomo lina lotulukira. Amayi a bizinesi a mu Old Town omwe amakapikula katundu ku Kariakoo mu Dar es Salaam akudziwa zomwe zimachitika msewu wa pa Chiweta ukagumuka: aliyense amaima.

Otsutsa amati ndalama kulibe. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zitsulo ndi makina n'zogula kunja, m'zipatala mankhwala akusowa, misewu ya M1 ndi M5 ikufuna kukonza. Zonsezi n'zoona. Koma mawu omwewa sindinawamve mwamphamvu chotere pomwe misewu ya mu likulu muno inkakuzidwa. Anthu a ku Likoma amalipira msonkho pa shuga ndi sopo ngati ife tomwe, ndipo msewu wawo ndi madzi.

Mfundo yawo yolemera ndi ya sitima. Ilala yadutsa zaka 70 ikugwira ntchito, ndipo ikalowa m'malo okonzera ku Monkey Bay imatha miyezi isakuyenda. MV Chilembwe yomwe inabwera mu 2014 ndi yocheperapo. Ndiye doko lamakono lidzalandira chiyani? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo yankho lake si kusiya doko ayi, koma kuika doko ndi sitima yolowa m'malo mwa Ilala m'ndondomeko imodzi. Mu 2010 boma linapereka ntchito yoyendetsa sitima za pa nyanja kwa kampani ya Mota-Engil ya ku Portugal. Kaya ntchitoyi ikhala m'manja mwa boma kaya mwa kampani, mgwirizano uliwonse uzinena poyera yemwe adzakonze jeti ikathyoka, m'masiku angati, ndi ndalama za ndani, ndipo aphungu auwerenge usanasainidwe.

Palinso oopa mkangano wa malire. Malawi amagwira pangano la Heligoland la 1890 lomwe limaika malire pa gombe la kum'mawa, pomwe Tanzania imati malire ali pakati pa nyanja, ndipo nkhaniyi inatentha mu 2012 chifukwa cha zofufuza mafuta. Ena amati kutsegula njira ya sitima yopita ku Mbamba Bay n'kufewetsa mfundo yathu. Sindikuona choncho. Ilala inkafika ku Mbamba Bay kale, ndipo palibe gawo la nyanja lomwe tinataya chifukwa cha ulendowo. Pa malire a ku Songwe malonda akuyenda tsiku ndi tsiku mkanganowo uli chikhalire. Phunziro lenileni la Nsanje ndi la ndondomeko: pangano la kayendedwe ka sitima pakati pa maiko awiriwa lisainidwe kaye, kenako timange mbali ya makontena, maofesi a MRA ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Mbali ya okwera a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe sikudikira siginecha ya munthu wa ku Dodoma.

Omanga akumbukirenso kuti nyanja yathu imakwera ndi kutsika. Madzi ataphwera, sitima zinkalephera kukocheza pa Chipoka, ndipo mu 2024 madzi anasefukira mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Nkhata Bay ili ndi mwayi wa madzi akuya pafupi ndi gombe, koma jeti yake iyenera kukhala yoyandama kapena yotha kugwira ntchito pa milingo yonse iwiri.

Aphungu a komiti yoona za mayendedwe akamaunika bajeti ikubwerayi, afunse ndondomeko yoyambira pa jeti, chipata, sikelo, magetsi a usiku, zimbudzi ndi denga loti odikira sitima asanyowe. Afunsenso komwe apite amayi ogulitsa usipa, nthochi ndi chinangwa pafupi ndi doko, omwe malonda awo amadalira tsiku lofika Ilala. Malo awo alembedwe pa mapu a dokolo mpanda usanamangidwe, ndipo akhonsolo ya Nkhata Bay akhale nawo pansi pokonza mapuwo.