TIYENI TICEZE: Nthano ya ku Japan Yobisika m'Foni

Kulikonse kumene makolo akumana masiku ano, kaya ndi pa citsime, pa cigayo kapena pa msonkhano wa kusukulu, dandaulo lao ndi limodzi: ana angoti maso pa foni, ukawaitana sayankha. Dandaulo limeneli ndi lomveka ndithu, pakuti zambiri za m'mafoni ndi mankhusu okha-okha. Koma awerengi okondedwa, akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sabata ino ndifuna kukusimbirani za mlendo wocokera ku Japan, sewero lochedwa Dragon Quest V, limene landikondweretsa ine wa imvi mwa njira imene sindinaiyembekezere.

Poyamba timvane za mtundu wa masewera amenewa. Sali ngati aja othamangitsa magalimoto kapena oomberana mfuti, ofuna zala zacangu za anyamata. Awa ndi nthano yaitali, ndipo wosewera amalowa m'malo mwa mwini nthanoyo. Amayenda mudzi ndi mudzi pa galasi la foni, kufunsa anthu njira, kumva mabvuto ao ndi kuwathandiza. Akakomana ndi cirombo kuthengo, nkhondo imamenyedwa mosinthana monga nsolo: iwe uganiza ndi kuponya, kenaka mdani aponya. Palibe wokufulumiza. Ukapambana ulandira tindalama ta m'nthanomo togulira cida kapena mankhwala, ndipo mphamvu zako zikula pang'ono-pang'ono monga mbeu m'munda.

Dragon Quest woyamba anatuluka m'caka ca 1986 ku kampani ya Enix. Wopeka nthano zake ndi Yuji Horii. Nyimbo anakonza ndi Koichi Sugiyama, ndipo zithunzi anajambula ndi Akira Toriyama, yemwe uja wa Dragon Ball, amene anamwalira m'caka ca 2024. Sewero lacisanu, limene tikukamba lero, linatuluka m'caka ca 1992, ndipo linafika m'mafoni m'Cingerezi m'caka ca 2015.

Ine anandiphunzitsa ndi mdzukulu wanga wa ku sekondale, sukulu zitatsekera. Ndinabvomera pongofuna kudziwa cimene cimam'dyera nthawi. Patapita masiku atatu, ndiye anali kundikumbutsa kuti, "Agogo, nsima izizira." Cimene cinandigwira si zirombo kapena malupanga iai, koma nthano yeni-yeniyo. Tamverani.

Mwini nthano ayamba ali kamnyamata ka zaka 6, kotsata atate ake, a Pankraz, m'maiko acilendo. Bamboyo afuna-funa mkazi wake amene anabedwa ndi mizimu yoipa, ndipo anamva kuti wokhoza kutsegula njira ya kumene mkaziyo ali ndi ngwazi imodzi yokha yolonjezedwa kalelo. Lupanga la ngwaziyo a Pankraz analipeza, koma linakana dzanja lao. Asanapeze mwini wake, aphedwa mwana wao akuona, ndipo mwanayo atengedwa ukapolo, naphwanya miyala zaka 10 pomanga kacisi wa adani ake.

Atathawa, mnyamatayo asenza nchito imene atate ake anasiya. Apeza lupanga lija, koma nayenso limukana. Akula, ayenda ndi ngolo, ndipo zirombo zina zimene wazigonjetsa zimapempha kukhala mbali yake. Ifika nthawi ya ukwati, ndipo apa wosewera asankha yekha: Bianca, mnzake wa paubwana, kapena Nera ndi mkulu wake Debora, ana a munthu wacuma. Pa nkhani imeneyi tinatsutsana ndi mdzukulu wanga usiku wonse monga ankhoswe, ndipo ku Japan anthu akali kutsutsanabe mpaka lero.

Tsono mbali imene inandikhalitsa cete ndi iyi. Mkazi atangobala amapasa, mwamuna ndi mkazi wake asandutsidwa miyala. Mwamunayo agulitsidwa ngati cosema, naimikidwa pa bwalo la munthu wolemera. Zaka 8 aimirira pomwepo. Dzinja lifika ndi kupita, mwana wa mwini nyumba aphunzira kuyenda pamaso pake, pamene ana ake eni akulira kutali osam'dziwa. Pa nthawi imeneyi wosewera sakhoza kucita kanthu, angopenya. Amene tinakula ndi machona, atate opita ku Migodi, ku Harare kapena ku Joni, obwera ana atatha msinkhu, cisoni cimeneci tikucidziwa bwino-bwino.

Omuombola ndi ana ake omwe, pamodzi ndi Sancho, wanchito wokhulupirika wa malemu atate ake. Ndipo pamenepo cinsinsi ciululika: lupanga lija lokana agogo, lokananso atate, libvomera dzanja la kamnyamata ka zaka 8. Ngwazi yofunidwa m'maiko onse inali kudzabadwira m'nyumba momwemo. Iwe amene wasewera masiku onsewa, wamva njala ndi ukapolo, suli ngwazi ai. Uli kholo la ngwazi. Nchito yako inali kusunga lupanga ndi kusunga banja kufikira mwini wake atakula.

Kodi si mmene moyo wathu uliri? Wodzala mtengo wa mango kawiri-kawiri sindiye adya zipatso zoculuka. Mlimi wogulitsa nshawa ndi thonje kuti mwana aphunzire, iye mwini sadzakhala mu ofesi, koma popanda iye mwanayo sakanafikamo. Kuti anthu a ku zisumbu zakutali anaika nzeru yotere m'sewero la ana, ndico cinandidabwitsa ndi kundikondweretsa.

Komabe uci ukacuruka umatsekula m'mimba. A ku Japan eni ake anaciona cimeneci m'caka ca 1988, pamene Dragon Quest III anayamba kugulitsidwa pa tsiku la sukulu. Ana ambiri anajomba kukaima pa mizere ya masitolo, ndipo apolisi anagwira mazana a iwo. Kucokera pamenepo kampaniyo inayamba kutulutsa masewera ake akulu pa Ciweru kapena pa Sondo. Ngati eni ake anaika malire, nanga ife tilekerenji? Mwana ayambe watunga madzi, watsekera mbuzi ndi kulemba za kusukulu, foni pambuyo.

Dziwaninso kuti seweroli ndi logula, ndipo ndalama ya feteleza isapite kumeneko. M'tauni ina ya m'nthanomo, yochedwa Fortuna, muli nyumba ya njuga. Ngakhale ndalama zake si zeni-zeni, kholo lanzeru lidzapezerapo mpata wolangiza mwana za kuipa kwa njuga, imene yasaukitsa mabanja ambiri. Ubwino wina ndi wakuti m'seweroli supita patsogolo osawerenga, motero mwana amazolowera Cingerezi osadziwa kuti akuphunzira.

Cotero makolo anzanga, musanalande foni kapena kuileka osaiyang'ana, khalani pansi ndi kufunsa mwana cimene akusewera. Muuzeni akusimbireni nthanoyo m'Cinyanja, kuyambira paciyambi. Ikakhala yopanda mutu, kapena yophunzitsa nkhanza ndi zonyansa, mudzaizindikira msanga ndipo mudzailetsa muli ndi cifukwa comveka. Ikakhala ya nzeru, mwapeza poyambira maceza, ndipo iye akatha yake, inu mum'patse yanu ya Kalulu ndi Fisi, kapena mbiri ya agogo ake. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tidzacezanso sabata ya mawa.