Kuona ngozi isanachitike: luso limene mayeso a madalaivala ayenera kuyesa

Aliyense amene anadutsapo pa msewu wa M1 tsiku la msika pa Chimbiya kapena pa Lizulu akudziwa mmene pamakhalira: ogulitsa mbatatesi ndi kabichi m'mphepete mwa tala, minibasi zoima mwachisawawa, akabaza, ngolo, ndiponso ana odumpha msewu. M'miyezi ya June ndi July chifunga chimaphimba mapiri a Dedza ndi Bembeke, kotero kuti galimoto ya patsogolo imaoneka utaiyandikira kale. Pamalo otere chimene chimapulumutsa moyo ndi diso la dalaivala lozindikira ngozi ikadali kutali.

M'dziko muno ziphaso zoyendetsera galimoto zimaperekedwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Wofuna chiphaso amayesedwa pa malamulo ndi zikwangwani za pamsewu, kenaka amayesedwa kuyendetsa galimoto. Zonsezi nzofunika. Komabe munthu akhoza kuloweza zikwangwani zonse, osadziwa kuti mwana akathamangitsa mbuzi pafupi ndi msewu, posachedwa mbuziyo ndi mwanayo akhala pakati pa tala.

Dziko la Britain linaona vuto limeneli, ndipo m'chaka cha 2002 linaonjezera mayeso ena. Wophunzira amaonera makanema afupiafupi 14 oonetsa msewu monga momwe dalaivala amauonera, ndipo amadina kompyuta akangoona chinthu chimene chingabweretse ngozi. Wodina msanga amapeza malikisi ambiri, ndipo kuti akhoze ayenera kupeza 44 pa 75. Kafukufuku wasonyeza kuti madalaivala atsopano amachedwa kuzindikira ngozi poyerekeza ndi amene ayendetsa zaka zambiri, komanso kuti luso limeneli limaphunzitsika.

Ife tikuona kuti mayeso otere angathandize Malawi, pokhapokha zinthu zitatu zitatsatidwa. Choyamba, makanemawo ajambulidwe konkuno: pa misika ya m'mbali mwa M1, m'makona a Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, usiku ndiponso m'chifunga. Misewu ya ku London singaphunzitse munthu za ngolo yopanda nyali. Chachiwiri, oyendetsa njinga zamoto asasiyidwe, pakuti ambiri mwa iwo amanyamula anthu alibe chiphaso, ndipo mtengo wa mayeso ukakwera adzapitiriza kuwazemba. Chachitatu, pasakhale ziphuphu. Ngati chiphaso chingagulidwe, mayeso ngakhale abwino chotani ali chabe.

Nkhaniyi siili kutali nafe. Bungwe la World Health Organization linanena m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse pa dziko lonse. Ifenso sitinaiwale kuti Ambuye Joseph Mukasa Zuza, Episkopi wa Mzuzu, anatisiya pa 15 January 2015 kaamba ka ngozi ya galimoto. Ndipo ndi parishi iti mu dayosizi yathu imene sinaikepo maliro otere?

Kusintha mayeso ndi udindo wa boma, ndipo tiyenera kuwapempha aphungu athu kuti ayankhulepo. Koma sitiyenera kungodikira. Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati akhoza kukhala pansi ndi achinyamata a kabaza ndi kukambirana malo oopsa a m'dera lawo, mmodzi ndi mmodzi akufotokoza zimene amayang'ana akamafika pamenepo. Makolo nawonso awaphunzitse ana kuti dalaivala amene iwo akumuona, mwina iye sanawaone.