Katete Si Pongopitirira

Anthu ambiri ocokera ku Lusaka kunka ku Cipata amaona Katete pa zenera la basi cabe. Amagula nthoci ndi nsawa, napitirira, ndipo pofika kwao amati, "Ku Katete kulibe kanthu." Anthu otere alakwa.

Mlendo wotsika ayambe waona phiri la Mphangwe, limene liri pafupi ndi boma. Atatero apite ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko m'mwezi wa August Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana kudzalamba mfumu yao. Mafumu amapereka mitulo, Gule Wamkulu nabvina pabwalo, pfumbi liri koboo! Mwana wa sukulu amene waona zimenezi ndi maso ace sabvutikanso kumvetsa kuti malire a maiko anadula mtundu umodzi patatu. Koma kumeneko nkofuna ulemu: mwana asathamangire zirombo, kapena kuseka pamene akuru aombera mfumu m'manja.

Kulinso cipatala ca St Francis, cimene cinayamba m'caka ca 1948. Odwala amadza kumeneko kucokera kutali, ena ku Cadiza, ena ku Petauke.