Mwana wapita ku yunivesite, koma sanasiye kukhala mwana wanu



Lero sindikamba za sikelo kapena katemera. Ndikamba za mwana wamkulu uja, amene tidamuimbira nthungululu mayina a NCHE atatuluka, nkukamukweza basi pa Boma kapena pa Jenda. Maganizo anga ndi akuti chaka choyamba ku yunivesite ndi pamene mwana amafuna makolo kwambiri, koma ndi pamenenso ife timamusiya yekha poganiza kuti wakula.

Pa holide ina amayi ena adabwera ndi mtsikana wawo kuchipatala. Ankadandaula mutu, m'mimba ndi kusowa tulo, komanso anali ataonda. Tidayeza malungo, sadapezeke. Nditawapempha amayiwo kuti adikire panja, mtsikanayo adalira.

"Anesi, kusukulu ndimadya kamodzi patsiku, ndipo maphunziro awiri ndalakwa. Kunyumba sindinganene. Adagulitsa ng'ombe chifukwa cha ine."

Miyezi inayi adakhala chete. Pa foni ankangoyankha kuti, "Ndili bwino, amama."

Taganizani kusintha kumene mwanayu amakumana nako. Ku sekondale yogonera komweko, monga Robert Laws ku Embangweni, kuli belu, nsima imabwera pa nthawi yake, ndipo akajomba aphunzitsi amaona. Wa ku CDSS amagona pakhomo, inu mukumuona. Ku yunivesite kulibe belu. Malo ogona a pasukulu sakwanira onse, choncho ambiri amachita lendi, a pa Mzuni ku Luwinga, a ku Zomba ku Chikanda. Lendi, makala, ndiwo, sopo ndi bandulo, zonse mutu wake.

M'kalasi namo ndi Chingerezi chokhachokha, ntchito azilemba pa kompyuta, pamene mwana wa ku Khosolo kapena ku Edingeni mwina ndi koyamba kuigwira. Kwawo anali nambala wani, uko wapeza onse ndi manambala wani. Akakhala ku MUST ku Thyolo kapena ku MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, kubwera kunyumba ndi ulendo wa tsiku lonse, ndipo Chitumbuka amachimva mwa apo ndi apo. Kusungulumwa kumeneku ndi kwenikweni, si kupusa.

Ndikudziwa ena muti, "Anesi, ife ndalama tilibe. Abambo ake ali ku Joni, amatumiza akapeza. Komanso si boma limapereka ngongole?" Zoona, bungwe la HESLGB, limene lidayamba mu 2015, limabwereketsa ophunzira osowa. Koma si onse amene amapeza, ndipo amene wapeza sizimukwanira pa zonse. Chonde ndalama imeneyo musamupemphe kuti atumize ya feteleza. Akatumiza, ndiye kuti wadzichotsera chakudya pakamwa.

Zambiri zimene mwana akufuna zili kale pakhomo panu: ufa, nyemba, nsinjiro, mfutso, neti ya udzudzu, ndi bulangete ngati akupita ku Mzuzu, kumene June ndi July kumazizira koopsa. Pa Airtel Money kapena Mpamba, kangachepe kobwera mwezi ndi mwezi nkothandiza kuposa zambiri zobwera kamodzi kenaka zii. Mwana wodziwa tsiku limene adzalandire amatha kugawa bwino. Amene sakudziwa amayamba ngongole za katapila.

Njala ndi imene imatsegula makomo oipa. Mtsikana amagwa m'manja mwa abambo akuluakulu a magalimoto, mnyamata amayamba kubetcha pa foni, mowa ndi chamba. Nchifukwa chake ndimati mwana asananyamuke auzidwe zinthu zitatu mosabisa. Kondomu imateteza ku mimba komanso ku matenda. Ngati wagwiriridwa kapena wagonana mosadziteteza, mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayambe pasanathe maola 72. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amwedwe mwachangu, pasanathe masiku asanu. M'zipatala za boma zonsezi nzaulere.

Ena amati kunena zimenezi nkumuphunzitsa chiwerewere. Ine ndimakana. Amene timawalandira kuchipatala akutaya magazi atayesa kuchotsa mimba mobisa, ambiri si amene adauzidwa, koma amene sadauzidwe. Ngati inu mayi mukuona kuti nzolaula, tumani ankhazi ake kapena agogo ake. Mwambo wathu udawapatsa kale ntchito imeneyi. Mnyamata nayenso akhale pansi ndi asibweni ake.

Tsopano za foni. Mukaimba musathere pa "Uli bwanji?" chifukwa yankho mukulidziwa kale. Funsani kuti wadya chiyani lero, akugona ndi ndani m'chipinda, phunziro limene likumuvuta ndi liti, ku tchalitchi kapena ku mzikiti akupita kuti. Mukhale ndi nambala ya mnzake mmodzi. Ndipo mawu akuti "banja lonse likudalira iwe" musawabwereze pa foni iliyonse. Amawadziwa kale, ndipo ndi amene amamutseka pakamwa zinthu zikavuta.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo holide. Mwana akakhala wokhumudwa masabata awiri kapena kuposa, sakugona, sakudya, wasiya kulowa m'kalasi, sakuyankhanso foni, kapena akulankhula zoti "ndatopa nawo moyo", amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo. Si ulesi, ndipo musathamangire kuloza chala achibale kuti amulodza chifukwa cha nsanje. Kupemphera pempherani, koma kuchipatala apite. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata wolankhula. Akavomera, asakhale yekha, ndipo ngati ali pakhomo mankhwala a mbewu ndi a m'munda muwatsekere.

Thandizo lilipo. Pasukulu pali kiliniki ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Ku Mzuzu kuli St John of God, imene ntchito yake ndi matenda a maganizo. Kuno mutha kuyambira pa chipatala chachikulu cha pa Boma, cha Embangweni, kapena chaching'ono cha kufupi nanu, iwo akutumizani koyenera.

Mtsikana uja tidawaitana amayi ake nkuwafotokozera iye ali pomwepo. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Mwana wanga, ng'ombe ija tidagulitsa tokha. Ulibe nayo ngongole." Adabwerera kusukulu ndi thumba la ufa, nkukalembanso mayeso aja, amene iwo amati sapu.

Kulakwa phunziro chaka choyamba si kutha kwa sukulu. Choopsa ndi mwana woopa kunena. Ndiye musanamukweze basi, muuzeni kuti kaya akhoza kaya alakwa, pakhomo ndi pake. Amene wanu adapita kale, muimbireni madzulo ano. Mukadziwa banja lina limene mwana wawo wasankhidwa chaka chino, awerengereni uthengawu.