Bwenzi Losayembekezera Malipiro

Makolo anasiya mwambi wakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwambiwu ndi wanzeru ndithu, koma Chikhristu chimaonjezerapo funso lovuta: nanga ngati wopsa ndevuyo alibe mawa loti adzabwezere, kodi asiyidwe apse?

Mbiri ya Susi ndi Chuma imayankha funsoli. Pa 1 Meyi 1873 David Livingstone anamwalira m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero likutchedwa Zambia. Amuna awiriwa akanatha kuika maliro pomwepo, n'kugawana katundu, aliyense n'kulowera kwake. M'malo mwake anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, naumika thupi ndi mchere padzuwa. Kenaka iwo ndi anzawo a paulendo analinyamula kwa miyezi pafupifupi 9, mtunda wopitirira makilomita 1,500, mpaka anafika ku Bagamoyo m'Febuluwale 1874. Ena mwa anzawowo anafera m'njira. Ku Unyanyembe Azungu amene anakumana nawo anawalangiza kuti aike mtembowo kumeneko, koma iwo anakana.

Wina anganene kuti Chuma ankangobweza ngongole, popeza Livingstone anali mmodzi wa amene anamuombola ku ukapolo m'chaka cha 1861, kumapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Komatu wakufa salonjerera ngongole, ndiponso sathokoza. Ngakhale pamwambo wa maliro ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874, awiriwa panalibe. Chimene anachita chinali chosabwezereka, ndipo m'menemo ndimo muli ulemerero wake.

Chitsanzo choposa ndi cha Yesu Khristu mwini. Usiku umene anaperekedwa anasambitsa mapazi a ophunzira ake, akudziwa bwino lomwe kuti Yudasi amupereka ndipo Petro amukana. Atauka kwa akufa sanamutaye Petro uja. Anamupatsanso ntchito yoweta nkhosa zake.

Ubwenzi wotere umayesedwa kwambiri pamene zotsatira za mayeso zatuluka. Anyamata awiri amene ankadyera mbale imodzi kusukulu amasiyana njira: wina wakhoza ndipo wapeza ntchito m'tauni, wina walephera ndipo wabwerera kukhasu. Kawirikawiri wokhozayo amayamba kuchita manyazi ndi mnzakeyo, naona moni wake ngati chiyambi cha pempho. Ameneyu sanali bwenzi, anali mnzake wa panjira chabe.

Chikondi chopanda malire sichitanthauza kuvomereza zolakwa. Bwenzi lenileni limadzudzula pamaso, koma silichoka. Aphunzitsi nawo akumbukire kuti ana amaonera iwo: mphunzitsi wokonda okhoza okha akuphunzitsa kalasi lonse kuti munthu amakondedwa chifukwa cha phindu lake.

Tsono muyeso wa ubwenzi sindiwo kuchuluka kwa odya nawo patsiku la chisangalalo. Muyeso wake ndi mtunda umene munthu angayende atasenza mnzake amene sadzatha kunena kuti zikomo.