Pimani Kaye Musanazule: Za Kukonza Oscilloscope Yakale



Pali uphungu wina umene wafala pakati pa achinyamata ophunzira zamagetsi. Akuti munthu ukapeza oscilloscope yakale, uzule makapasita onse ndi kuikamo atsopano usanapime chilichonse. Ine ndikuukana kwamtuwagalu. Sing'anga amene amamwetsa mudzi wonse mankhwala amodzi osafunsa pamene pakupweteka sitimutcha katswiri ayi.

Kwa amene simukuidziwa, oscilloscope ndi makina oonetsa magetsi ndi maso: kadontho kowala kamathamanga pagalasi n'kujambula mzere wosonyeza mmene magetsiwo akukwerera ndi kutsika. Titenge Tektronix 545 ya mu 1955, yopangidwa ndi kampani imene Howard Vollum ndi Jack Murdock adayambitsa ku Portland, Oregon, mu 1946. Ndi chimakina cha mavavu ambirimbiri, cholemera kotero kuti adachipangira kangolo kakekake.

Mukatsegula m'katimo mupeza kuti zipangizo zake zidamangiriridwa pa timizere toyera ta dothi lowotcha, ndipo mano a timizereto adawakuta ndi siliva. Mukamawotcherapo mobwerezabwereza ndi solder wamba, silivayo amasungunuka n'kulekana ndi dothi, dzinolo n'kutha ntchito. Eni ake adadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankamangirira m'kati mwa makinawo kampukutu ka solder wokhala ndi siliva pafupifupi magawo 3 pa 100, kuti wodzakonza m'tsogolo asasowe chogwiritsa ntchito. Taonani ulemu wake! Ankaganizira mmisiri amene sadzamuona n'komwe. Tsono wophunzira wa dzulodzuloli afike ndi chitsulo chake chamoto, awotche malo makumimakumi tsiku limodzi, mano angati apulumuke? Ndipo makinawo akakana kuyaka, adziwa bwanji ngati vuto ndi lakale lija kapena ndi limene waikamo yekha? Fulumira adadya gaga.

Otsutsana nane adzati makapasita amakalamba. Zoonadi. A mapepala aja amayamba kudontha magetsi, ena amauma, ndipo ofunika kuchotsa alipo ndithu. Koma chotsani amene mita yawatsutsa pamlandu, mmodzimmodzi, mukuyesa makinawo pakati pake ndi kulemba m'kope chimene mwachita. Wochita chotero amatuluka atadziwa ntchito ya chipangizo chilichonse; mnzake wozula zonse uja amangotsala ndi thumba la zinyalala.

Buku la makinawa lilipo, ndipo lidalongosola njira iliyonse ya magetsi mwatsatanetsatane. Poyambira ndi pa magetsi odyetsa makina onse. Mu 545 muli mzere wa mavoti -150 umene mizere inzake, ya +100, +225, +350 ndi +500, imatsamirapo. Umenewu ukapotoka, yonse imapotokera limodzi, ndipo wosawerenga buku amathamangitsa mavuto asanu pamene gwero lake ndi limodzi. Choipa china ndi kupotokola tizitsulo tosinthira muyeso mwachisawawa, "kuti tione". Kuwabwezeranso pamalo pake kumafuna zida zimene wongoyamba alibe.

Apa tsono ndikweze mawu, pakuti nkhaniyi ndi ya moyo. Chubu cha galasicho chimayendera mavoti 10,000, ndipo mzere wa 500 uja pawokha ungathe kupha munthu. Makapasita akuluakulu amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi kukhoma. Aphunguwa amakutumani kukapisa manja m'menemo ngati mukutola mtedza, osatchulako zimenezi. Safunsa adadya phula. Pezani mmisiri wachikulire akhale pambali panu, akuonetseni kutaya magetsi otsalawo kudzera mu resistor ndi kutsimikiza ndi mita kuti atheratu. Popima makina oyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba, kuti magetsi asapeze njira yodutsa pamtima.

Musaiwale sefa ya mpweya kumbuyoko. Itsukeni, muonenso ngati fani ikuzungulira bwino musanaisiye 545 yanu ikuyaka nthawi yaitali, chifukwa mavavu onse aja amatentha kwambiri.