Musagule makina ojambulira kanema mongomvera wogulitsa

Pa 25 January 2022, Gabadinho Mhango adamenya mpira uli kutali n'kukagwedeza ukonde wa Morocco pampikisano wa Africa Cup of Nations ku Cameroon. Flames idagonja 2-1, koma chigoli chija anthu akuchikambabe. Amene adali kumaliro kapena panjira usiku umenewo adadalira kufotokozeredwa. Zikatero m'pamene bambo wa pakhomo amayamba kuganiza zogula makina ojambula mapologalamu a pakanema n'kuwasunga pachimbale, aja amati DVD recorder.

Maganizowo si oipa. Chomwe tikudandaula n'chakuti ambiri amagula makinawa ngati akugula tomato, kungoona kuwala kwa kunja basi.

Choyamba n'chakuti makampani ambiri adaleka kupanga makina oterewa. Omwe mungapeze m'masitolo a zamagetsi kapena pakaunjika wa zipangizo ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ochokera kunja. Ndiye funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale la mtengo, koma lakuti makinawo achokera dziko liti. Magetsi athu kuno ndi a mphamvu ya mavoti 230, pomwe ku Japan ndi 100, ku America ndi 120. Kulumikiza makina a kumeneko kukhoma popanda chochepetsera mphamvu n'kuwaotcha tsiku lomwelo. Komanso maiko awiriwa amatsata njira ya zithunzi ya NTSC pomwe kuno timatsata PAL, kotero makinawo akhoza kukana kujambula kapena kutulutsa zithunzi zopanda mtundu. Ena a ku Japan malangizo ake onse amaoneka m'Chijapani. A ku Britain ndi ku South Africa savuta chotere chifukwa magetsi ndi zithunzi n'zofanana ndi zathu.

Chachiwiri n'chimene chimagwetsa ambiri. Makinawa adapangidwa nthawi yomwe kanema ankabwera ndi mlongoti wapadenga molunjika, monga zinkakhalira Television Malawi itayamba kuulutsa mu 1999. Maiko adagwirizana zosamukira ku dijito pofika pa 17 June 2015, ndipo Malawi adasankha njira ya DVB-T2, yomwe makina akalewa saimva. Wogulitsa akakuuzani kuti ingolumikizani mlongoti mujambula, dziwani kuti mwina naye sakudziwa. Chofunika n'chakuti makinawo akhale ndi polowetsera zithunzi kuchokera kudekoda, timabowo titatu tija ta chikasu, choyera ndi chofiira. Onetsetsani kuti palembedwa IN, osati OUT yekha. A ku Britain ambiri ali ndi bowo lalikulu la SCART, lomwe limafuna kolumikizira kakekake. Musakomedwe ndi bowo la HDMI. Pamakinawa limangotulutsa zithunzi, sililandira.

Dziwaninso kuti pojambula kudzera kudekoda, makinawo amatenga chokhacho chomwe dekodayo ikuonetsa. Mukatchera nthawi kuti ajambule nkhani za madzulo, mwana n'kubwera kudzasintha tchanelo, mudzapeza mwasunga makatuni.

Tsono pankhani ya zimbale. Chimbale wamba chimanyamula 4.7GB, omwe ndi maola awiri a zithunzi zooneka bwino. Makina amalola kupanikiza maola anayi kapena asanu ndi limodzi, koma zithunzi zimafooka, makamaka pamasewero othamanga ngati mpira, pomwe osewera amasanduka timabokosi. DVD-R imajambulidwa kamodzi kokha, pomwe DVD-RW mutha kufufuta n'kujambulanso. Palinso za chizindikiro chophatikiza, DVD+R ndi DVD+RW, ndipo makina ena akale amalandira mtundu umodzi wokha. Fufuzani kaye mtundu womwe ukupezeka pamsika wa kwanu, chifukwa zimbale zosajambula sizikupezeka paliponse monga kale.

Ife tikuona kuti amene watsimikiza zogula asankhe makina okhala ndi hard disk mkati. Tonse tikudziwa momwe magetsi amathimira osatsanzika. Akathima makina ali mkati molemba pachimbale, chimbalecho nthawi zambiri chimatayika ndi zonse zinali momwemo. Okhala ndi hard disk amasunga kaye mkati, inu n'kudzasankha zoyenera kuika pachimbale magetsi atakhazikika.

Safunsa adadya phula. Popita kukagula nyamulani chimbale chanu chosajambula. Makina ambiri okalamba amaonetsa filimu bwinobwino koma amalephera kulemba, poti kadiso ka mkati kamafuna mphamvu zambiri polemba kusiyana ndi powerenga. Auzeni ajambule mphindi zisanu inu mukuona, atseke chimbalecho, chomwe pamakinapo chimalembedwa kuti finalise, kenaka achiyese papuleya ina. Chimbale cha DVD-R chosatseka chimakana kuonetsa kwa anansi. Ndipo kutsekako pamakina ambiri kumatheka ndi rimoti basi, choncho makina opanda rimoti yake asiyeni, ngakhale atatsitsa mtengo chotani. Wogulitsa wokana kuyesa wakuuzani kale zonse.

Kunena zoona, ngati cholinga n'kungosunga Tikuferanji kuti amayi adzaonere akabwera kumsika, mwina simukufunika makinawa n'komwe. Madekoda ambiri a masiku ano ali ndi bowo la USB, ndipo ena amatha kujambulira pafulashi. Yesani kaye yomwe muli nayo musadatulutse ndalama ya fetereza. Vuto lake n'lakuti madekoda ena amakhoma zomwe ajambula kuti zizioneka padekoda yomweyo yokha.

Pomwe makinawa akadali ndi phindu lenileni ndi pamatepi akale. M'makabati ambiri muli matepi a VHS a ukwati wa makolo, ubatizo, chinkhoswe, nkhope ndi mawu a agogo omwe adatisiya. Kampani ya Funai ya ku Japan, yomwe idali yomaliza kupanga makina oonetsera matepiwa, idaleka mu 2016, ndipo matepi akuchita nkhungu dzinja lililonse. Makina ophatikiza VHS ndi DVD, kapena DVD recorder yolumikizidwa kumakina a tepi, angapulumutse zimenezi. Mabanja angapo akhoza kusonkherana n'kugula amodzi, n'kumabwerekana. Mukatero koperaninso pakompyuta kapena pafulashi, chifukwa chimbale chojambula pakhomo chimaopa dzuwa, kutentha ndi zala za ana.

Tisaiwale kuti kujambula kuti muonere pabanja n'kosiyana ndi kuchulukitsa zimbale n'kumagulitsa pamsika. Masewero ndi nyimbo zili ndi eni ake omwe amadyera momwemo, ndipo lamulo la Copyright la 2016 limawateteza. Wofuna kuchita nazo malonda ayambe waonana ndi bungwe la Cosoma.